Amayi a Ndowa ndi Matenti a Odwala

Ambiri a ife m'parishi muno tinawadziwa atakalamba kale: mayi wamfupi, wa manja okhakhala ngati khungwa la mtengo, amene Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko. Dzina lawo la ubatizo lili m'buku la tchalitchi, koma palibe amene ankalitchula. Ana, akulu, anamwino, ngakhale abambo mfumu, onse ankangoti Amayi a Ndowa, iwo n'kuyankha. Akuluakulu a mpingo anandipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata yathu ya mwezi uno. Zimene zili panozi ndinazimva kwa mng'ono wawo, kwa ana awo, ndi kwa iwo eni pa masiku amene ndinkawaperekeza kokaona odwala.

Anabadwira kutali ndi kuno, m'katauni kakang'ono, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali telala, ankasokera pakhonde la sitolo ya munthu wina. Mayi awo ankagulitsa masamba pamsika. Kusukulu anangopitako chaka chimodzi, chifukwa pakhomo pankafunika wolera ana mayi akapita kumsika. Mapemphero anaphunzira ndi khutu, atakhala pansi pa makina a bambo awo akutola tizidutswa ta nsalu. Bambowo ankapalasa makina uku akutchula mawu, mwana n'kumabwereza. Mpaka ukalamba wawo pemphero la Atate Athu ankalinena mothamanga, ndipo tikawaseka ankati: "Wopupuluma si ine, ndi makina aja."

Nkhondo inafika ali ndi zaka khumi ndi zisanu, tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo. Mfuti zinalira kumunsi kwa msewu, anthu n'kubalalika, kusiya katundu ali poyala. Banja lonse linathawira kutchire, kupatula mlongo wawo wamkulu amene anali atatumidwa kukagula ulusi. Bambo awo anasenza mutu wa makina aja masiku awiri. Tsiku lachitatu anautula pansi pa mtengo, n'kuuza akazi awo kuti: "Tsogolani ndi ana. Ndikamutenge mnyamata uja, tikupezani." Sanawapeze. Mpaka lero palibe akudziwa pamene bambowo ndi mwana wawo anagona.

Otsalawo anayenda masiku asanu ndi anayi, akumwa madzi a m'zithaphwi. Mng'ono wawo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza, maso n'kulowa m'kati. Iwo ndiwo anamubereka kumbuyo masiku awiri omaliza. Ankati chimene chinkawaopsa panjirapo si kulemera kwa mwanayo ayi, koma kupepuka kwake.

Atawoloka malire anafika pamsasa wa othawa nkhondo. Pakati pa tinyumba ta mapulasitiki panali matenti oyera anayi a bungwe lina lachifundo, la madokotala ochokera kutali. Namwino wina wotopa anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, khungulo n'kukhala chiimire osabwerera. Namwinoyo anali ndi odwala makumi anayi, manja awiri okha. Anawapatsa kapu ya madzi a mchere ndi shuga pamodzi ndi supuni.

"Umupatse supuni imodzi, udikire pang'ono, umupatsenso ina. Akasanza usaleke."

"Pang'onopo ndi potalika bwanji, amayi?"

Koma namwino anali atathamangira kale kwa wodwala wina. Wotchi analibe, ndiye anadziyezera okha nthawi: supuni imodzi, Tikuoneni Maria mmodzi, supuni ina. Pambali pawo panagona kamwana kena kopanda woyang'anira, mayi ake atamwalira m'mawa womwewo. Anapempha supuni yachiwiri, n'kumamwetsa uku ndi uku. Tsiku lachitatu mng'ono wawo anatsegula maso n'kunena modandaula kuti: "Ine njala." Iwo akuti anaseka uku misozi ikuyenderera, mpaka odwala ena anadabwa. Kamwana kena kaja nakonso kanachira. Mng'ono wawoyo ali moyo mpaka lero, ali ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndipo ndi amene anandifotokozera zimenezi.

Sanalumbire lumbiro lililonse. Mwana atachira, iwo anangopitiriza kubwera kumatenti m'mawa uliwonse, mpaka a bungwe anawalemba ntchito. Ndinawafunsapo chifukwa chake. Anati: "Mulungu anandibwezera mwana kudzera m'manja mwa anthu osandidziwa. Ndiye manja angawa ndikanawasungira chiyani?"

Ntchito yake inali imene ena ankaithawa. Bedi la wodwala kolera limakhala lobowola pakati, pansi pake n'kuikapo ndowa. Iwo ankachotsa ndowazo, kukataya, kutsuka, kubwezera, tsiku lonse. Ankatunga madzi, kusungunula klorini, kuchapa zofunda ndi kukolopa pansi. Klorini anali wa mitundu itatu: wamphamvu wa zonyansa, wapakati wa zovala, wofooka wosambira m'manja. Popeza malemba a pandowa sankatha kuwerenga, anamangirira tinsalu pa zogwirira, kofiira, kobiriwira ndi koyera, ndipo sanasokonezepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu sankawaona chimanjamanja, nthawi zonse ndowa uku ndowa uku. Dzina lija linayambira pomwepo.

Mumatenti a anthu ofooka chotero ankapezamo poseka. Kunabwera dokotala wina wamtali, wamtima wabwino, amene ankayesetsa kulankhula chinenero chathu koma lilime linkamukanika. Ankazungulira mabedi atanyamula kapu akuuza odwala kuti: "Imbani! Imbani kwambiri!" Iye ankafuna kunena kuti imwani. Mkulu wina, amene anali atangotsala mafupa okhaokha, anamvera n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi ndi timawu tonjenjemera. Amayi a Ndowa anatula ndowa zawo, n'kuthandiza mkuluyo kumaliza ndime yoyamba, kenako anati: "Adokotala, zonse ziwiri n'zabwino. Koma ayambe ndi kumwa."

Mabedi obowola aja ankakhoma ndi kalipentala wina wofatsa, nayenso wothawa nkhondo. Kwa miyezi itatu ankabwera kochapira kudzafunsa ngati kuli bedi lothyoka, ngakhale ankadziwa kuti kulibe. Tsiku lina analimba mtima.

"Chemwali, mabedi anga onse mwawaona ndi obowola. Komatu losabowola ndimathanso kukhoma."

"Ndiye likhomeni tilione," anatero iwo, maso ali pa zochapa.

Anakwatitsa ukwati wawo m'tchalitchi cha denga la pulasitiki cha pamsasapo, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mayesero sanawalambalale. Anthu ankawaopa chifukwa cha kumene ankagwira ntchito. Akafika pampopi, amayi anzawo ankasuntha zidebe zawo. Ana awo ankasewera okha. M'tchalitchi, ikafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, manja a anthu ankapita kwina. Iwo sanakangane ndi munthu. Anangosamukira pa benchi yomaliza kuti asavutitse ena, ndipo chizolowezicho sanachisiye ngakhale anthu atayamba kulimbirana kukhala nawo pafupi. Amuna awo akapsa mtima, iwo ankati: "Asiyeni, bambo. Akuopa matenda, sakudana ndi ine."

Mwana wawo wachiwiri, wamwamuna, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Katemera anafika pamsasapo patangopita milungu itatu. Anthu ankayesa kuti mayiyu akhala m'nyumba kulira, ndipo kulira analiradi. Koma tsiku loyamba la katemera anavala nsalu yawo, n'kuyenda khomo ndi khomo. Kumene makolo ankakana, iwo sankalalikira. Ankangokhala pansi n'kunena dzina la mwana wawo, msinkhu wake, ndi tsiku limene anamuika. Ambiri ankanyamuka nawo limodzi.

Chaka chimene anthu a kumsasa uja sachiiwala chinali cha mvula yambiri, iwo ali ndi zaka pafupifupi makumi anayi. Zimbudzi zinasefukira, kolera n'kubuka kuposa kale lonse. Odwala ankabwera nawo mochedwa, ena n'kutsirizikira pageti penipeni. Omwalira ankakulungidwa m'mapulasitiki n'kuikidwa msanga, abale osaloledwa kuwasambitsa ngakhale kuwaona nkhope. Mphekesera inayamba kuyenda. Akuti timapaipi ta diripi tija sitilowetsa madzi m'thupi koma timatulutsa magazi, n'chifukwa chake mitembo akuibisa. Anthu anayamba kubisa odwala m'nyumba, maliro n'kuchulukirachulukira.

Lachinayi lina masana khamu linafika pageti, ena atanyamula miyala, ena zibonga. Patsogolo panali bambo wina wogulitsa nyama pamsika, amene mkazi wake anagonekedwa m'tenti dzana lake. M'manja mwake munali chigubu cha petulo. Ankakuwa kuti amupatse mkazi wake, wamoyo kapena wakufa, kenako matenti onse apse.

Lamulo la bungwe linali lodziwika: anthu akaukira, ogwira ntchito onse akwere magalimoto achoke. Adokotala aakulu a nthawi imeneyo, mayi wa imvi, anaima pakati pa bwalo madalaivala atalizitsa kale injini. M'matentimo munali odwala makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu, ndipo makumi awiri mwa iwo anali pa diripi. Aliyense ankadziwa kuti magalimoto akatuluka, amenewo dzuwa la mawa saliona.

Amayi a Ndowa anali poyanika zofunda. Anapukuta manja, n'kutenga ndowa ya madzi a mchere ndi shuga pamodzi ndi kapu. Amuna awo anawagwira mkono.

"Amayi, mukupita kuti? Tili ndi ana atatu kunyumba."

"Ndikudziwa, bambo. Agona m'katiwa nawonso ali ndi ana."

Anapempha adokotala aakulu kuti adikire pang'ono, n'kuuza mlonda kuti atsegule kageti kakang'ono. Atangotuluka, mwala unagunda ndowa n'kuiphwanyira m'kati, madzi ena n'kukhutukira pamapazi awo. Anaiika pansi bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, abale anga?"



"Chokani apo, inu!" anakuwa wogulitsa nyama. "Mumadya nawo magazi a anthu!"

"Achimwene, tandiyang'anani bwino. Munthu wodya magazi angaonde chonchi?"

Kumbuyo wina anaseka mosafuna, n'kudzigwira pakamwa. Iwo anatunga kapu yodzaza, n'kumwa yonse anthu akuona.

"Awa ndiwo madzi amene tikumwetsa abale anu. Kukoma sakoma, koma sapha. Amene sangathe kumeza, madzi ake amalowera m'kapaipi kaja. Koma musakhulupirire ine, poti mwati ndine wawo. Sankhani amayi atatu amene mumawakhulupirira. Alowe, ayang'ane paliponse, pansi pa mabedi, m'makatoni, m'magalimoto. Akapeza dontho limodzi la magazi obisidwa, powotchapo muyambe ndi ine."

Zimenezi anazinena asanapemphe chilolezo kwa aliyense, chifukwa alendo m'matenti a kolera sankaloledwa. Anacheuka kuyang'ana adokotala aakulu. Adokotalawo anagwedeza mutu kuvomera.

Khamu linakankhira kutsogolo amayi atatu. Mmodzi anali apongozi ake a wogulitsa nyama uja. Amayi a Ndowa anawasambitsa m'manja, kuwapondetsa m'klorini, kuwaveka magolovesi, n'kulowa nawo. Khamu linadikira panja. Dzuwa linkawotcha, fungo la petulo lili ponseponse, ndipo palibe amene anakhala pansi.

Woyamba kutuluka anatuluka akulira. Mwana wake wamwamuna anali atamwalira m'mawa womwewo, ndipo Amayi a Ndowa anamutsegulira pulasitiki kuti aone nkhope. Anthu atamuona akulira, miyala inakwezedwanso m'mwamba. Koma mayiyo anatambasula manja.

"Ndamuona mwana wanga. Ali wathunthu, palibe chimene amuchotsa. Amusambitsa bwino, amutseka maso. Ndinachedwa naye ndine, ndinamubisa masiku awiri."

Kenako anatuluka apongozi aja, n'kupita molunjika kwa mkamwini wawo.

"Mkazi wanu ndamuona. Wakhala tsonga, akumwa yekha. Nditamuuza zimene mwanyamula, wandituma mawu."

"Wati chiyani?" anafunsa bamboyo.

"Wati chigubu mwathiramo petulocho ndi chake chotungira madzi. Ndiye akatuluka muno mukamuuze kuti azitungira chiyani."

Kuseka kunayambira kwa amayi, n'kufalikira khamu lonse. Wogulitsa nyama anatula chigubu, anakhala pansi m'matope, n'kulira ngati mwana. Miyala inagwa m'manja umodziumodzi. M'kati mwa mpanda madalaivala anazimitsa injini.

Anthu atabalalika, Amayi a Ndowa anazungulira kuseri kwa mochapira. Amuna awo anawapeza atakhala pansi okhaokha. Pambuyo pake anthu akamawatama kuti ndi olimba mtima, ankakana. "Kulimba mtima kwake kuti? Mapemphero onse anandithawa m'mutu. Ndinkangoti Yesu, Yesu, mumtima, pakamwa pakulankhula zina."

Tsiku lotsatira anakapempha adokotala aakulu chinthu chimodzi: kuti munthu akamwalira, abale aziloledwa kuona nkhope ndi kupemphera ataima patali pang'ono, ndipo mbale mmodzi azivala magolovesi n'kuthandiza kusambitsa. Anavomera. Kuyambira pamenepo odwala anayamba kubwera nawo msanga, akadatha kuyenda okha, ndipo pomatha mwezi mabedi ambiri anali opanda anthu. Mkazi wa wogulitsa nyama anatuluka tsiku lachisanu akuyenda yekha. Mwamuna wake anakhala mmodzi wa onyamula odwala pamachira mpaka mliriwo unatha.

Mtendere utabwera, msasa unatsekedwa, matenti n'kupindidwa. Iwo ndi mng'ono wawo anapita kukaona kwawo, mayi awo atamwalira kale kumsasa. Anapeza sitolo ija ilibe denga, ndipo palibe amene ankakumbukira telala wa pakhondepo. Anapemphera pakhonde pomwepo, n'kubwerera. Ndi mmene banjali linadzakhalira m'parishi yathu ino, pafupi ndi kachipatala kamene bungwe lija linasiya. Anagwira ntchito yochapa pamenepo zaka zina khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Nthawi imeneyo ndi imene Edzi inkatha anthu, mankhwala asanafike. M'makomo ambiri wodwala ankagonekedwa kuchipinda chakumapeto, mbale yake ikukankhidwa ndi phazi. Iwo akaweruka kuntchito ankadzera m'makomo amenewo. Ankasambitsa wodwala, kumutembenuza, kumudzoza mafuta pamsana, uku akuitana achibale kuti: "Bwerani mudzagwire mwendo uwu, ine ndekha sindingathe." Kutha ankatha ndithu, koma ankafuna kuti abalewo ayambirenso kumukhudza munthu wawo. Mankhwala atafika, ankaperekeza anthu kuchipatala, kukhala nawo pamzere, kenako n'kumadutsa pakhomo m'mawa kufunsa ngati amwa. Ena amene tinkawayesa opita lero akuimba nafe kwaya.

Wina asatinamize kuti anali mngelo. Anali ndi liuma, ndipo pa nkhani ya uve pakamwa pawo panalibe chotsekera. Abambo mfumu ena, atangobwera kumene, anakonza njinga yawo yamoto panjira n'kufika kwa wodwala zala zili bii, akufuna kupereka Ukaristia. Amayi a Ndowa anawatsekera pakhomo ndi beseni ndi sopo. "Abambo, Yesu ndi woyera kale. Koma zala zanuzo ayi." Abambowo anasamba, ndipo nkhaniyi amainena okha mpaka pano.

Amuna awo anamwalira iwo ali ndi zaka makumi asanu mphambu zisanu ndi ziwiri. Chaka chotsatira analembetsa sukulu ya akuluakulu imene inkachitikira m'holo ya parishi. Pensulo inkawavuta, chifukwa klorini wa zaka zonse zija anali atawaumitsa zala ndi kuwang'amba zikhatho, koma sanajombepo. Mawu oyamba amene anawerenga okha, popanda wowathandiza, anali dzina la amuna awo pa mtanda wa pamanda. Anabwerako akumwetulira. "Alemba bwino," anatero. "Ndi iwowo ndithu."

Yesero lomaliza linadzera mwa mwana wawo womaliza, wamkazi, amene anaphunzira unamwino. Chaka chatha mwanayo anabwera kudzawauza kuti walowa gulu la madokotala opita kudziko lina kumene kuli nkhondo. Mayi amene anaima pamaso pa khamu lija anakana kwamtuwagalu.

"Ine nkhondo inachita kundipeza. Iwe ukuitsata dala?"

"Amayi, madokotala aja anabwera kumsasa, nawonso anali ndi amayi awo."

Masiku atatu sanamulankhule. Tsiku lachinayi anamuitana, kumugwaditsa, kumusanjika manja pamutu, n'kumuika m'thumba kolona yawo yakale.

Miyezi yoyamba foni inkalira Loweruka lililonse. Kenako inangoti zii. Pawailesi ananena kuti tauni imene gululo linali yazingidwa, misewu yonse yatsekedwa. Nthawi yomweyo mtima wawo unayamba kufooka, miyendo kutupa, mpweya kuperewera. Adokotala anauza ana awo aamuna awiri kuti masiku atsala ochepa, ndipo mayiwo anapempha kuti akagone kunyumba. Milungu isanu inadutsa popanda mawu. Foni inkakhala pa pilo, pafupi ndi khutu. Nditapita kukawaona anandiuza kuti: "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza anthu kuti musaope. Tsopano ndaona kuti zinali zophweka chifukwa ana ake sanali anga. Mundipempherere, chikhulupiriro changa chachepa ngati kambewu." Komabe m'mawa uliwonse ankatchula mwana wawo pamaso pa Mulungu, pamodzi ndi odwala ake amene sankawadziwa.

Lachiwiri lina m'mawa, mng'ono wawo akuwapukuta nkhope, foni inalira. Nambala yake inali yachilendo. Mng'onoyo anaiika pakhutu pawo.

"Amayi, ndine. Tatuluka. Anatsegula msewu tsiku limodzi lokha, tadutsa pa malole."

Iwo anatseka maso. Kenako anafunsa:

"Nanga odwala mwawasiya?"

"Ayi, amayi. Tatuluka nawo onse, makumi anayi ndi mmodzi. Wina wabadwira mulole momwemo."

"Ambuye alemekezeke. Ndiye bwera, mwana wanga. Usachedwe."

Mng'ono wawo akuti tsiku limenelo anamwa tiyi kapu yonse, n'kugona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba pa milungu isanu. Mwanayo anafika patapita masiku asanu ndi limodzi, fumbi lili m'tsitsi. Anagwada pambali pa bedi, mayi ake n'kumugwira masaya onse awiri, kumuyang'ana nthawi yaitali. "Waonda," anatero. "Mupatseni chakudya mwanayu."

Anakhala naye masiku anayi. Ankafunsa za wodwala aliyense, za khanda lobadwira mulole, za madalaivala. Tsiku lachinayi m'mawa abambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukaristia ali ndi nzeru zawo zonse. Anapempha kuti atsegule zenera. Ana onse atatu ndi mng'ono wawo anali m'chipindamo, mwana wamkazi akuwapesa tsitsi. Anamuuza motsitsa mawu kuti: "Mukandiika, usakhalitse kuno. Kuli anthu akukudikira." Kwa ana aamuna anati: "Muzikawaona amayi anu aang'onowa." Atatero anati atopa, apume pang'ono. Anapumadi, ndipo chisa chikadali m'tsitsi anapita mwakachetechete, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi. Mwana wawo namwino uja anabwerera kuntchito yake patatha milungu iwiri.

Mpaka miyendo itawakanika, panali makomo asanu ndi awiri amene ankawayendera mlungu uliwonse: nkhalamba ziwiri zakhungu, bambo wina wakufa ziwalo, ndi ena odwala nthawi yaitali. Lamulungu lotsatira maliro, itatha Misa, akatekisiti anawerenga makomowo n'kufunsa kuti atenga ndani. Aliyense anagwetsa maso pansi. Kenako mayi wina wogulitsa makala anakweza dzanja n'kunena kuti: "Ine kusambitsa wodwala sinditha, koma wina akandionetsa ndiphunzira." Anatsatira mphunzitsi wina wopuma ntchito, kenako wometa tsitsi wa pamsika, kenako ena. Pomatuluka, makomo asanu ndi awiri aja anali ndi anthu khumi ndi mmodzi.

Ambuye amene anamutumikira mwa odwala awalandire kwawo, awapatse mpumulo umene pansi pano sankaupezera nthawi. Ofuna kulowa m'gulu loyendera odwala tikumana Lachitatu masana m'holo ya parishi. Khomo lachisanu ndi chitatu lapezeka kale.